Mbiri ya Musidora, Mayi wa Zisudzo ndi Kanema wa ku France

Anthu ambiri akatuluka m'nyumba ya kanema amapita kwawo akukambirana za nkhope zimene aona pa nsalu yoyera ija. Amadziwa dzina la mnyamata amene wagonjetsa achifwamba, ndiponso la mtsikana amene wawaliritsa, koma ndi owerengeka okha amene amafunsa za munthu amene adaima kuseri kwa kamera, amene adasankha nkhaniyo, nafunafuna ndalama zojambulira, nauza wosewera aliyense poti aime ndi nthawi yoti atembenuke. Lero tikambe za mayi wina wa ku France amene adagwira ntchito ziwiri zonsezi. Dzina limene makolo ake adamutcha ndi Jeanne Roques, koma dziko lidamudziwa ndi dzina lakuti Musidora. Ntchito yoyamba, yoonekera pa nsalu, idamutchukitsa ali ndi zaka 26 zokha. Yachiwiri, yopanga mafilimu akeake, idamudyera chuma ndi zaka zake zamphamvu, ndipo anthu adaiiwala mwini wake akali moyo. Nkhani yathu yagona kwenikweni pa ntchito yachiwiriyi.

Kubadwa ndi kukula

Jeanne Roques adabadwa pa 23 Febuluwale 1889 mu mzinda wa Paris. Nyumba imene adakuliramo idali ya anthu okonda mabuku, nyimbo ndi zokambirana za ndale. Bambo ake, a Jacques Roques, adali munthu wopeka nyimbo ndiponso wolemba za ufulu wa anthu apantchito. Mayi ake adali wojambula zithunzi ndi utoto, ndipo adali mmodzi wa amayi amene ankamenyera ufulu wa akazi. Tiyenera kukumbukira kuti masiku amenewo mkazi wa ku France sankaloledwa kuponya voti, ndipo malamulo a dzikolo, amene adakhazikitsidwa m'chaka cha 1804 pa nthawi ya Napoleon, ankamuyesa mkazi wokwatiwa ngati mwana wofunika chilolezo cha mwamuna wake pa nkhani za chuma ndi za milandu. Ufulu wa voti akazi a ku France adaulandira mu 1944, Jeanne ali kale ndi zaka 55. Tsono mwana wamkazi woleredwa ndi mayi wotsutsa malamulo otere sakadakula ndi mtima wodikira kuti wina amuuze chochita.

Pa 28 Disembala 1895, Jeanne ali ndi zaka 6, abale awiri, Auguste ndi Louis Lumière, adaonetsa zithunzi zoyenda kwa anthu olipira ndalama m'chipinda chapansi cha Grand Café mu Paris momwemo. Tsiku limeneli ambiri amaliwerenga ngati tsiku limene kanema adabadwa. Motero mtsikanayu ndi kanema adakulira limodzi, mu mzinda umodzi, ngakhale kuti poyamba maso ake adali pa bwalo la zisudzo, pakuti masiku amenewo anthu ophunzira ankayesa kanema chinthu chongosangalatsa anthu wamba pa misika ndi pa zionetsero.

Chakumayambiriro kwa zaka za 1910 Jeanne adayamba kuchita zisudzo m'nyumba zosiyanasiyana za mu Paris, makamaka zija zimene munkakhala nyimbo, magule ndi timasewero toseketsa usiku umodzi womwewo. Monga adali kuchitira anzake ambiri a ntchitoyi, adadzisankhira dzina lina logwirira ntchito. Adalitenga m'buku la Théophile Gautier lotchedwa Fortunio, m'mene muli mkazi wotchedwa Musidora. Dzinali ndi lochokera ku Chigiriki, ndipo limatanthauza mphatso ya milungu yaikazi imene Agiriki akale ankakhulupirira kuti ndiyo imapatsa anthu luso la ndakatulo, nyimbo ndi magule. M'chaka cha 1912, pa nyumba ya zisudzo ya Ba-Ta-Clan, adagwira ntchito limodzi ndi Colette, mayi wolemba mabuku amene pa nthawiyo ankapezanso chakudya chake pochita zisudzo. Colette adali wamkulu kwa iye ndi zaka 16, koma awiriwa adapalana ubwenzi umene udakhala zaka zambiri, ndipo tidzaona m'tsogolomu kuti ubwenziwu udabala zipatso.

Kulowa m'kanema

Filimu yoyamba imene Musidora adaoneka idatuluka kumayambiriro kwa 1914, ndipo dzina lake ndi Les Misères de l'aiguille, ndiye kuti masautso a singano. Adaipanga ndi anthu a bungwe la apantchito lotchedwa Le Cinéma du Peuple, amene cholinga chawo chidali kuonetsa mavuto a anthu osauka. Musidora adasewera ngati mayi wamasiye wosoka zovala, amene malipiro ake sakwanira kudyetsa mwana wake, mpaka ataya mtima, koma anzake a bungwe la osoka amupulumutsa. Nkhani yotere idali yogwirizana ndi zimene adamva kuyambira ali mwana m'nyumba ya makolo ake.

Chaka chomwecho, akusewera pa Folies Bergère, adaonedwa ndi Louis Feuillade, mkulu woyang'anira zojambula pa kampani ya Gaumont, imodzi mwa makampani awiri akuluakulu a kanema ku France. Inayo idali Pathé. Pano pali kanthu kofunika kukadziwa. Mpando umene Feuillade adakhalapo udali wa mayi wina, Alice Guy, amene adayamba ngati mlembi wa Léon Gaumont, nakhala mkazi woyamba kutsogolera ntchito yojambula mafilimu. Iyeyu ndiye adalemba Feuillade ntchito, ndipo pamene ankapita ku America mu 1907 adamusiyira udindowo. Kotero Musidora adalowa m'kampani imene mkazi adaitsogolerapo kale pa zojambula, ngakhale kuti pa nthawiyo dzina la mkaziyo lidali litayamba kale kuiwalika.

Irma Vep

Mu Ogasiti 1914 nkhondo yoyamba ya dziko lonse idabuka. Amuna ambiri a ntchito ya kanema adapita kunkhondo, ndalama zidachepa, ndipo kampani ya Pathé idali pafupi kutulutsa filimu ya ku America ya zigawo zambiri, Les Mystères de New York, m'mene munkasewera Pearl White. Mafilimu a zigawo adali njira yokokera anthu: chigawo chilichonse chinkathera pa malo osautsa mtima, kuti woonera abwerenso kudzaona chotsatira. Pofuna kupikisana nawo, Feuillade adapanga Les Vampires, filimu ya zigawo 10, imene idayamba kuonetsedwa mu Novembala 1915 nitha mu Juni 1916. Zigawo zonse pamodzi zimatenga pafupifupi maola 7.

Mawu akuti vampire, m'nthano za ku Ulaya, amanena cholengedwa choyamwa magazi a anthu usiku, chofanana ndi zimene ife timati anamapopa. Koma m'filimuyi ndi dzina chabe la gulu la mbava ndi zigawenga za mu Paris, zimene mtolankhani wina, Philippe Guérande, akulimbana nazo. Musidora adayamba kuoneka m'chigawo chachitatu ngati Irma Vep, woimba m'nyumba ya mowa, amenenso ndi mmodzi wa akuluakulu a gululo. Mukasanduliza malembo a dzina lakuti Irma Vep mupeza mawu aja akuti vampire. Atsogoleri aamuna a gululo amafa mmodzimmodzi nalowedwa m'malo ndi ena, koma Irma Vep amakhalapobe mpaka chigawo chomaliza, pamene aphedwa ndi mfuti ndi mkazi wa mtolankhani uja.

Mafilimu a nthawi imeneyo adali opanda mawu. Zolankhula zinkalembedwa pa timapepala toonetsedwa pakati pa zithunzi, ndipo woimba piyano kapena gulu la oimba linkaperekeza zochitikazo m'nyumba ya kanema momwemo. Wosewera adayenera kunena zonse ndi nkhope ndi thupi. Ambiri ankachita mopitiriza, kutambasula manja ndi kutong'ola maso monga pa bwalo la zisudzo, koma Musidora adali ndi luso lodekha. Maso ake akuluakulu, ozunguliridwa ndi utoto wakuda pa nkhope yoyera, ankakwanira kuonetsa chiwembu, mantha kapena chipongwe popanda kusuntha thupi lonse. M'zigawo zosiyanasiyana adadzisandutsa wantchito wa m'nyumba, mlembi wa ku banki, ngakhalenso mnyamata wa banja lolemera.

Chodabwitsa n'chakuti chimene anthu adachikumbukira koposa ndi chovala. M'malo ena a filimuyi Irma Vep amayenda usiku m'makonde a hotela atavala chovala chakuda chothina, chophimba thupi lonse kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Pa maola onse 7 aja amachivala kwa nthawi yochepa chabe, komabe chithunzi chimenechi ndicho chidakhazikika m'mitu ya anthu. Akuluakulu a polisi mu Paris adaletsa filimuyi kwa kanthawi, poona kuti ikutamanda zigawenga ndi kupeputsa apolisi, koma chiletsocho chidachotsedwa ndipo anthu adapitiriza kukhamukira ku nyumba za kanema. Pakati pa oonerawo padali anyamata amene pambuyo pake adakhala alakatuli otchuka, monga Louis Aragon ndi André Breton. Agiriki ankawerenga milungu yaikazi ya luso 9, ndipo om'konda adamuwerenga Musidora ngati wachikhumi. Chakumapeto kwa zaka za 1920 Aragon ndi Breton adalemba sewero lotchedwa Le Trésor des jésuites, m'mene maina a anthu ake adawapanga posanduliza malembo a dzina la Musidora.

Mu 1917 idatuluka filimu ina ya Feuillade ya zigawo 12, Judex, m'mene Musidora adaseweranso ngati mkazi wachiwembu, Diana Monti. Apa mbiri yake idafika pachimake. Akadafuna, akadapitiriza kusewera mkazi woipa yemweyo chaka ndi chaka, nalandira malipiro ake mwamtendere.

Kuseri kwa kamera

Koma tiyeni tione bwino mmene zinthu zidalili. Irma Vep adali wa Feuillade, amene adamupeka. Mafilimuwo adali chuma cha kampani ya Gaumont. Ndipo Musidora adali wolembedwa ntchito, wobwereketsa nkhope yake ku nkhani ya munthu wina. Kumapeto kwa chaka cha 1917, nkhondo ikali mkati, iye adakhazikitsa kampani yakeyake, Société des Films Musidora. Adali ndi zaka 28. Akazi ochita zotere ku France pa nthawiyo adali owerengeka pa zala. Wodziwika kwambiri mwa iwo adali Germaine Dulac, amene adayamba kupanga mafilimu m'zaka za nkhondo zomwezo.

Owerenga ena angafunse kuti kodi ntchito ya wotsogolera filimu ndi yotani. Iyeyu ndiye amasandutsa nkhani yolembedwa kukhala zithunzi. Amagawa nkhaniyo m'tizigawo, nasankha malo ojambulira, naganiza poti kamera iime, kaya pafupi ndi nkhope kaya patali kuti dziko lonse lioneke. Amalangiza osewera, ndipo kujambula kukatha amakhala pansi kudula ndi kulumikiza lamba wa filimu kuti zochitika zitsatane mwa dongosolo. Mwini kampani ali ndi katundu winanso: kupeza ndalama, kulipira antchito, ndi kukambirana ndi eni nyumba za kanema kuti alandire filimuyo. Musidora adasenza zonsezi, kuwonjezera pa kulemba nkhani ndi kusewera mbali yaikulu.

Nkhani zoyamba adazitenga kwa bwenzi lake Colette. Mu 1917 adapita ku Italy kukajambula La Vagabonde limodzi ndi Eugenio Perego. Buku la Colette la dzina limeneli, la m'chaka cha 1910, limakamba za mkazi amene ukwati wake udatha, nayamba kudzidyetsa yekha pochita zisudzo, ndipo mwamuna wolemera atamufunsira iye asankha kukhalabe mfulu. Mu 1918 adajambula La Flamme cachée, nkhani imene Colette adailembera kanema mwachindunji. Kenaka idabwera Vicenta, imene Musidora adailemba yekha naitsogolera yekha. Olemba m'manyuzi ena adayamikira mafilimuwa, koma ndalama zimene adalowetsa sizidabwerere.

Zifukwa zake sizidali za iye yekha. Nkhondo isadayambe, makampani a ku France ndiwo ankatsogola pa malonda a kanema pa dziko lonse. Nkhondo itatha mu 1918, nyumba za kanema za ku France zidali zitadzaza ndi mafilimu a ku America, amene ankabwera atabweza kale ndalama zawo kwawo, kotero kuti ankabwerekedwa motsika mtengo. Kampani yaing'ono, yopanda nyumba zakezake zoonetseramo, idali ngati kabwato pakati pa sitima zikuluzikulu. Palinso china: pa mafilimu angapo a Musidora, pambali pa dzina lake padalembedwa dzina la mwamuna ngati wotsogolera mnzake, monga Roger Lion pa La Flamme cachée ndi Jacques Lasseyne pa mafilimu awiri otsatira. Anthu a nthawiyo, poona maina awiri, ankangoganiza kuti mwamunayo ndiye wagwira ntchito, mkaziyo wangosewera. Akatswiri a mbiri ya kanema amene adafufuza nkhaniyi pambuyo pake amaona kuti mbali yaikulu ya utsogoleri idali ya Musidora.

Zaka za ku Spain

Akuluakulu adati mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Mu 1920 Musidora adatenga buku latsopano la Pierre Benoit, Pour Don Carlos, napita kukalijambula ku dziko la anthu a mtundu wa Basque, m'malire a France ndi Spain. Nkhani yake ndi ya nkhondo yapachiweniweni ya ku Spain ya zaka za 1872 mpaka 1876, pamene otsatira a Don Carlos ankafuna kumuika pa mpando wachifumu. Musidora adasewera ngati Allegria, mkazi wolamula asilikali a mbali ya Don Carlos, amene adzipereka kuti apulumutse mnyamata wina wa boma la France, ndipo pomaliza afa naikidwa m'manda. Filimuyi idatuluka mu 1921. M'malo mojambulira m'nyumba zokonzedwa ndi matabwa ndi nsalu, monga ankachitira ambiri, iye adatengera kamera kumapiri ndi kumidzi yeniyeni.

Pa nthawi imeneyi adadziwana ndi Antonio Cañero wa ku Córdoba, katswiri wa masewera olimbana ndi nkhunzi za ng'ombe atakwera pa kavalo, ndipo awiriwa adakondana. Musidora adakhala ku Spain zaka zingapo, akujambula mafilimu ndi kuchita zisudzo m'mizinda yosiyanasiyana.

Filimu imene ambiri amaiyesa yopambana pa ntchito zake zonse ndi Soleil et ombre ya mu 1922, ndiye kuti dzuwa ndi mthunzi. Dzinali lili ndi tanthauzo kwa anthu a ku Spain, pakuti m'bwalo la masewera a nkhunzi mipando ya padzuwa ndi yotsika mtengo, ya anthu wamba, pamene ya pamthunzi ndi ya olemera. Nkhani yake ndi ya Juana, mtsikana wantchito pa nyumba ya alendo, amene akonda katswiri wa nkhunzi. Koma kubwera mlendo wolemera wochokera kunja, mkazi wa tsitsi loyera, namulanda mwamunayo. Katswiriyo afera m'bwalo, Juana apha mlendoyo, ndipo pomaliza akabisala m'nyumba ya masisitere. Cañero adasewera katswiriyo, ndipo Musidora adasewera akazi onse awiri, wantchitoyo ndi mlendoyo, wokanidwa ndi wolanda. Adajambula ku Toledo ndi ku chigawo cha Andalusia, pa dzuwa loswa mtengo, kotero kuti makoma oyera ndi mithunzi yakuda bii zimanena nkhaniyo pamodzi ndi osewera. Mkazi amene dziko lidamudziwa ngati chigawenga chokongola cha usiku adadzionetsa pano ngati wantchito wosauka wovala nsalu wamba.

Mu 1924 adamaliza La Tierra de los toros, ndiye kuti dziko la nkhunzi. Filimuyi ndi yachilendo ndithu. Mbali ina imaonetsa moyo weniweni wa pa madambo oweterapo nkhunzi ku Andalusia, mbali ina ndi nthabwala m'mene Musidora asewera ngati iye mwini, nadziseka yekha, mpaka kudzisandutsa mtsikana wosaoneka bwino. Adaikonza kuti poionetsa filimu izidukizidwa, iye mwini n'kutulukira pa bwalo kudzaimba ndi kulankhula ndi anthu, kenaka zithunzi n'kupitirira. Njira imeneyi idali yanzeru, koma idatanthauza kuti filimuyo siikadayenda kutali popanda mwini wake. Iyi idakhala filimu yake yaitali yomaliza.

Kubwerera kwawo

Ubwenzi wake ndi Cañero utatha, Musidora adabwerera ku Paris. Mu 1926 adasewera ngati Delila, mkazi uja wa nkhani ya Samsoni, m'filimu yotchedwa Le Berceau de Dieu, ndipo apa ndi pamene ntchito yake yosewera m'kanema idathera. Mu 1927 adakwatiwa ndi dokotala wina, nabereka mwana wamwamuna. Ukwatiwu udatha mu 1944. Chaka chomwecho cha 1927 ku America kudatuluka The Jazz Singer, filimu imene idatsegula njira ya mafilimu olankhula, ndipo patangopita zaka zochepa mafilimu opanda mawu adasanduka chinthu chachikale chimene palibe ankafuna kuchionanso.

Musidora sadakhale manja lende. Adapitiriza kuchita zisudzo pa bwalo, adaphunzitsa luso la kalankhulidwe pa sukulu ya nyimbo ndi zisudzo ya mu mzinda wa Reims, ndipo adalemba mabuku. Mwa iwo muli nthano yaitali yotchedwa Paroxysmes ya mu 1934, ndakatulo, ndi sewero lonena za moyo wa George Sand, mayi wina wolemba mabuku wa ku France wa zaka za m'ma 1800. Koma kwa anthu ambiri iye adali chabe dzina la m'masiku a nkhondo yoyamba.

Mlonda wa mafilimu akale

Kuti timvetse gawo lomaliza la moyo wake, tiyenera kudziwa chimene chinkachitikira mafilimu akale. Mpaka chakumayambiriro kwa zaka za 1950, lamba wa filimu ankapangidwa ndi mankhwala otchedwa nitrate. Lamba wotere amagwira moto msanga, ndipo akayaka ngakhale madzi samuzimitsa. Akasungidwa malo otentha kapena a chinyezi amanyala, nanata, pomaliza n'kusanduka fumbi. Makampani ankaonanso kuti filimu imene yatha kuonetsedwa ilibe phindu, choncho ankaisungunula kuti achotsemo siliva. Kafukufuku amene Library of Congress ya ku America idafalitsa mu 2013 adapeza kuti mwa mafilimu aatali opanda mawu a dzikolo, 70 pa 100 alionse adatayikiratu. Mafilimu a makampani ang'onoang'ono, opanda nyumba zosungiramo, ndiwo adali pa ngozi yaikulu. Madzi akatayika saoleka: La Vagabonde ndi La Flamme cachée palibe angazionenso.

Mu 1936 mnyamata wina, Henri Langlois, pamodzi ndi Georges Franju ndi anzawo ena, adakhazikitsa Cinémathèque française, nyumba yosonkhanitsa, kusunga ndi kuonetsa mafilimu akale. M'zaka za 1940 Musidora adayamba kugwira ntchito kumeneko. Langlois adazindikira kuti kupulumutsa lamba yekha sikukwanira, pakuti anthu amene adayambitsa kanema adali kukalamba ndi kumwalira, ndipo zimene ankadziwa zinkapita nawo kumanda. Choncho padakhazikitsidwa kagulu kofufuza mbiri ya kanema. Musidora, amene ankadziwana ndi ambiri a anthu amenewa, adathandiza kuwaitana, kuwafunsa mafunso ndi kusunga m'malemba zimene ankakumbukira: ojambula, osewera, okonza malo ojambulira, anthu amene maina awo sadalembedwepo ndi malembo akuluakulu pa khomo la nyumba ya kanema. Zolembedwa zimenezi akatswiri a mbiri ya kanema amazigwiritsabe ntchito.

Mu 1950 adapanga kafilimu kakafupi, La Magique Image, kokumbukira Louis Feuillade, amene adamwalira mu 1925. Taonani tsono: mkazi amene mafilimu ake ambiri adali atatayika adagwiritsa mwayi wake womaliza wogwira kamera polemekeza munthu amene adamutsegulira khomo. Musidora adamwalira ku Paris mu Disembala 1957 ali ndi zaka 68, ndipo adaikidwa m'manda a ku Bois-le-Roi, kumwera chakum'mawa kwa mzindawo.

Zimene adasiya

Irma Vep sadafe. Cinémathèque idasunga Les Vampires niionetsanso kwa mibadwo yatsopano. Mu 1996 Olivier Assayas adapanga filimu yotchedwa Irma Vep, m'mene Maggie Cheung wa ku Hong Kong adavala chovala chakuda chonga chija, ndipo mu 2022 Assayas yemweyo adabwereza nkhaniyi m'zigawo za pa wailesi yakanema, wosewera wake ali Alicia Vikander. Chithunzi chimene Feuillade adapeka chakhala tsono zaka zoposa 100.

Koma Musidora wopanga mafilimu adachedwa kukumbukiridwa. Mu 1973 akazi ena a ku France okonda kanema adapanga gulu nalitcha dzina lake, ndipo mu 1974 gululi lidakonza mu Paris chionetsero cha mafilimu opangidwa ndi akazi okhaokha. Mu 2019 chikondwerero cha mafilimu akale cha mu mzinda wa Bologna ku Italy, Il Cinema Ritrovato, chidapatula gawo la ntchito zake. Mwa mafilimu aatali amene adatsogolera, atatu a ku Spain aja ndiwo adapulumuka mokwanira kuti munthu awaonere: Pour Don Carlos, Soleil et ombre ndi La Tierra de los toros. Adapulumuka chifukwa padapezeka anthu ogwira ntchito yonga imene iye mwini adaigwira pa ukalamba wake, yotola ndi kusunga zimene ena adaziyesa zakutha.

Kwa inu amene mwangomaliza sukulu, moyo wa mayiyu ukuonetsa kuti kutamandidwa ndi kukhala mwini ntchito ndi zinthu ziwiri zosiyana. Musidora adali nako kutamandidwa ali ndi zaka 26, ndipo patangopita zaka ziwiri adaika ndalama zake ndi mbiri yake pa chiswe kuti apange chinthu chimene angachitche chake. Pa malonda adalephera, ndipo sitiyenera kubisa zimenezi. Komabe mafilimu atatu aja alipo, ndipo amene wawaona amadziwa mmene maso a Musidora ankaonera dziko, pamene Les Vampires imangotionetsa mmene Feuillade ankamuonera iye.

Kwa aphunzitsi anzanga, pempho langa ndi laling'ono. Ana akachita sewero pa sukulu, m'manja timaombera amene waseketsa anthu kapena amene wavala mochititsa chidwi. Tizifunsanso kuti walemba seweroli ndani, ndipo wayala dongosolo lake ndani. Kawirikawiri mudzapeza kuti ndi mwana wofatsa amene waima kuseri kwa nsalu, mwinanso ndi mtsikana amene dzina lake silidatchulidwe n'komwe. Mutchuleni pamaso pa anzake. Ndipo kope limene adalembamo sewerolo musalole kuti likakulungire mtedza kumsika: lembanipo dzina lake ndi chaka, mulisunge m'kabati ya sukulu.